Kodi Buku Lakale la Ana Lingagulidwe Ndalama Zingati?

Kodi m'nyumba mwanu muli buku lakale? Mwina lili m'sutukesi kunsi kwa bedi. Mwina lili pamwamba pa kabati ndipo ladzaza fumbi. Kapena mudalipeza m'katundu wa malemu agogo anu amene ankagwira ntchito m'nyumba za Azungu ku Zomba, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg. Mabuku ena amabwera kuchokera kunja atawerengedwa kale, ndipo mumawaona atayalidwa pansi m'mbali mwa misewu ya m'tauni.

Kwa munthu wosadziwa kuwerenga, buku lotere ndi mapepala chabe. Ena amathothola masamba ake n'kukulungira fodya. Ena amakulungira mandasi ndi usipa pamsika. Ena amakolezera moto. Koma inu tsopano mwaphunzira. Mukhoza kutsegula buku ndi kuona dzina la amene adalilemba, kumene lidasindikizidwa ndiponso chaka chake. Nzeru imeneyi ndi yokwanira pa nkhani imene tikambirane pano.

Ku Britain ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa mabuku akale a ana. Sawagula kuti ana awo aziwerenga ayi. Amawagula kuti asunge, monga momwe wina amasungira ng'ombe m'khola. Kabuku kamodzi koti mungalowetse m'thumba la malaya nthawi zina kamagulidwa ndalama zoposa mtengo wa nyumba.

Koma tisanapite patali, imvani ichi bwino. Mabuku otere ndi ochepa zedi. Mwa mabuku akale amene mungawapeze, ambiri-mbiri sangakugulireni ngakhale thumba limodzi la feteleza. Choncho pali ngozi ziwiri. Munthu akhoza kung'amba kapena kutaya motchipa buku la mtengo wapatali chifukwa chosadziwa. Akhozanso kunamizidwa kuti ali ndi chuma, n'kuwononga ndalama zake pofunafuna ogula amene kulibe. Ngozi yachiwiriyi ndiyo imagwera anthu ambiri.

Buku lachisamba

Buku silisindikizidwa kamodzi kokha ayi. Kampani yosindikiza ikalandira nkhani yatsopano imayamba ndi mabuku ochepa, paja sidziwa ngati anthu adzaikonda nkhaniyo. Mabukuwo akatha m'masitolo, imasindikiza ena. Akathanso, imabwerezanso. Zikhoza kumapita choncho zaka 100. Nkhani ndi yomweyo, koma osonkhanitsa aja amafuna mabuku amene adatuluka m'makina ulendo woyamba. Pa Chingerezi amati "first edition". Ife tingoti buku lachisamba, monga timanenera mwana woyamba kubadwa.

Tiyeni tione chitsanzo. Mu 1893, mayi wina wa ku England dzina lake Beatrix Potter adalembera kalata kamnyamata ka zaka 5 kamene kankadwala. Posowa chonena, adakalembera nthano ya kalulu ndi kujambula zithunzi m'kalatamo. Kaluluyu si Kalulu wathu wochenjera uja ayi. Uyu ndi mwana wosamvera, dzina lake Peter. Amayi ake adamuletsa kulowa m'dimba la bambo wina, iye n'kulowabe, ndipo adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Patapita zaka, mayiyu adafuna kuti nthanoyo ikhale buku. Adaitumiza ku makampani angapo, koma onse adakana. Ndiye adatenga ndalama zake n'kulipira osindikiza. M'mwezi wa December 1901 adalandira timabuku 250, totchedwa The Tale of Peter Rabbit. Zithunzi za m'kati zidali zakuda ndi zoyera, kupatula chimodzi cha kumayambiriro. Tina adapatsa abale ndi abwenzi, tina adagulitsa. Tidatha msanga, ndipo mu February 1902 adasindikizitsa tina 200.

Apa kampani ya Frederick Warne, imene idali m'gulu la okana aja, idali itasintha maganizo. Mu October 1902 idatulutsa mabuku 8,000 a zithunzi za mitundu. Mtengo wake udali sheleni imodzi. Achikulire mukuikumbukira sheleni, ndalama imene tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Chaka cha 1902 chisanathe, mabuku osindikizidwa adafika 28,000. Kufika lero agulitsidwa oposa 40 miliyoni m'zilankhulo zambiri.

Tsopano taganizani. Pa mabuku 40 miliyoni, achisamba eni-eni ndi 250 okha. Ndipo pa 250 amenewo ndi angati alipo? Paja adali m'manja mwa ana. Ana amang'amba, amatafuna, amalemba-lemba, amaiwala buku panja mvula n'kulinyowetsa. N'chifukwa chake buku la ana lachisamba limasowa kuposa buku la akulu. Mu 2016, limodzi la mabuku 250 aja lidagulidwa ku London pa mtengo woposa mapaundi 40,000. Koma Peter Rabbit wosindikizidwa zaka 50 zapitazo, ngakhale akuoneka wokalamba, mtengo wake ndi wa buku wamba.

Mwaona kodi? Ukalamba wokha sukweza mtengo. Buku liyenera kukhala la ulendo woyamba, liyenera kukhala losowa, ndipo payenera kukhala anthu ambiri olifuna. Chimodzi chikasowapo, mtengo umagwa. Anthu amafuna Peter Rabbit chifukwa adakula naye, makolo awonso adakula naye. Buku la nthano imene aliyense adaiiwala likhoza kutsala limodzi lokha pa dziko lonse, koma popanda wolifuna silingapeze mtengo. N'chimodzimodzi ndi Baibulo lakale la Chingerezi limene mabanja ambiri amaliyesa chuma. Ndi la mtengo wapatali kwa banjalo, inde, koma Mabaibulo adasindikizidwa ochuluka kwambiri, ndipo ogulitsa mabuku akale sawalimbirana.

Chitupa cha buku

Nanga mungadziwe bwanji kuti buku ndi lachisamba? Tsegulani chikuto. Mupeza tsamba limene lili ndi mutu wa buku ndi dzina la mlembi m'zilembo zikulu-zikulu. Tembenuzani tsamba limenelo. Kuseri kwake kuli timalemba ting'ono-ting'ono timene anthu ambiri sawerenga. Timalembato ndi chitupa cha buku.

Ngakhale simudziwa Chingerezi, mawu ofunika ndi ochepa ndipo mukhoza kuwaloweza. Funafunani mawu akuti "First published". Tanthauzo lake ndi lakuti lidasindikizidwa koyamba, ndipo pambali pake pamakhala chaka. Mukawaona musayambe kusangalala. Mawu amenewa amakhalabe m'buku ngakhale litasindikizidwa ulendo wa 30. Yang'anani m'munsi mwake. Ngati pali mawu akuti "Reprinted", kapena "Second impression", kapena "New edition", kapena pali mndandanda wa zaka zina, ndiye kuti bukulo si lachisamba. Chaka chomaliza pa mndandandawo ndicho chaka cha buku limene lili m'manja mwanu. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Amaona 1926 pamwamba, osaona 1974 pansi.

Mabuku a zaka zaposachedwa ali ndi njira ina. Pa tsamba lomwelo pamakhala mzere wa manambala, mwachitsanzo 10 9 8 7 6 5 4 3 2 1. Nthawi zina manambalawo amasokonezedwa dala, koma lamulo ndi limodzi. Funani nambala yaing'ono pa onsewo. Ngati 1 alipo, buku ndi la ulendo woyamba. Posindikiza ulendo wachiwiri amachotsa 1, ndipo mzere umathera pa 2. Ngati nambala yaing'ono ndi 7, buku ndi la ulendo wa 7. Basi, n'zosavuta.

Mabuku akale kwambiri ndiwo ovuta, chifukwa makampani ena sankalemba zaka za maulendo otsatira. Akatswiri amayang'ana tizizindikiro tina. Pa mabuku a Beatrix Potter amayang'ana dzina la kampani. Ngati kumapeto kwa dzina la Frederick Warne kuli zilembo zitatu izi, Ltd, ndiye kuti bukulo lidasindikizidwa mu 1919 kapena pambuyo pake, chifukwa kampaniyo idayamba kudzitcha choncho chaka chimenecho. Silingakhale la 1902 ngakhale wogulitsa atalumbira.

Dziwaninso kuti makampani nthawi zina amasindikiza mabuku atsopano ofanizira dala ndi achisamba, kuti anthu azikumbukira zakale. Si chinyengo ayi, ndipo kawiri-kawiri amalemba penapake kuti ndi ofanizira. Koma pepala lake limakhala loyera bwino, losalala, ndipo munthu wachinyengo akhoza kuchotsa tsamba lonena zoonalo.

Cholakwa chimene chimakweza mtengo

Nachi chinthu chodabwitsa. Telala akalakwitsa posoka malaya, mtengo umatsika. Koma osindikiza akalakwitsa chilembo m'buku lachisamba, cholakwacho chimasanduka umboni. Chifukwa chake n'chakuti posindikizanso amachikonza. Choncho buku limene lili ndi cholakwacho limadziwika kuti ndi la m'gulu loyamba.

Mwina ana anu adakuuzaniko za Harry Potter, mnyamata wamasiye wa m'nthano amene amapita ku sukulu ya matsenga. Adalemba nthanoyi ndi mayi J. K. Rowling. Buku loyamba lidatuluka ku London pa 26 June 1997. Nthawi imeneyo mlembiyu sankadziwika, ndipo kampani ya Bloomsbury idasindikiza mabuku 500 okha a chikuto cholimba. Pafupifupi 300 mwa amenewa adapita ku malaibulale, nyumba zobwereketsa mabuku zija, kumene ana adawawerenga mpaka kutha ntchito.

Akatswiri akalandira buku limene mwini wake akuti ndi limodzi la 500 amenewa, amatsegula kuseri kwa mutu. Pakhale chaka cha 1997 chokha, ndi mzere wa manambala wotsika kuchoka pa 10 kufika pa 1. Kenaka amatsegula tsamba 53. Pamenepo pali mndandanda wa zinthu zimene mwana ayenera kugula popita ku sukulu ija, ndipo kandodo ka matsenga kadalembedwa kawiri. Akatero amatembenuza buku. Pa chikuto cha kumbuyo, m'mawu amodzi a mutu wa bukulo mudasowa chilembo cha o. Zizindikiro zonsezi ziyenera kupezeka pamodzi. Chimodzi chokha sichikwanira.

Mu December 2021, limodzi la mabuku amenewa, losungidwa bwino ngati latsopano, lidagulidwa madola 471,000 mumzinda wa Dallas ku America. Lina lidali la laibulale, lokhala ndi zidindo ndiponso lotha m'mbali. Munthu wina adaligula paundi imodzi pa kamsika ka zinthu zakale, n'kulisunga m'kabati zaka zambiri. Mu 2019 lidagulidwa mapaundi 28,500 ku England. Ndi ndalama zambiri ndithu, koma taonani kusiyana kwake. Buku ndi limodzi, gulu ndi limodzi, chasiyana ndi kasungidwe.

Musaiwale za kusowa kuja. Buku lomaliza la nthano ya Harry Potter lidatuluka mu 2007, mlembi atatchuka dziko lonse. Ku America kokha, ulendo woyamba adasindikiza mabuku 12 miliyoni. Onsewo ndi achisamba. Nanga ndani angalipire ndalama zambiri pa chinthu chimene chili m'nyumba iliyonse? Ngati mwapeza Harry Potter wonenepa pa msika ndipo 1 alipo pa mzere uja, muguleni kuti ana awerenge. Musayembekeze zina.

Nthawi ina cholakwa chidali cha buku lonse. Mu 1865 kudasindikizidwa mabuku 2,000 a nthano yotchedwa Alice's Adventures in Wonderland, yolembedwa ndi Lewis Carroll. Wojambula zithunzi zake, John Tenniel, ataona bukulo adadandaula kuti zithunzi sizidatuluke bwino. Mlembi adaimitsa malonda, ndipo adapempha anzake amene adawapatsa kale kuti abweze. Mapepala otsala adagulitsidwa kwa kampani ina ya ku New York, imene idaika tsamba lake-lake la mutu. Mwa mabuku okanidwa aja, odziwika kuti alipo lero ndi ongopitirira pang'ono 20. Mu 1998 limodzi, limene lidali la mlembi mwini wake, lidagulidwa madola oposa miliyoni imodzi ndi theka.

Giredi ya buku

Inu alimi a fodya mukudziwa kuti tsamba lililonse lili ndi giredi yake. Fodya wa munda umodzi amasiyana mtengo chifukwa wina ndi wong'ambika, wina wachita chuku, wina ndi wosalala bwino. Mabuku nawonso amaikidwa m'magiredi. Wogula amawerenga masamba onse kuti aone ngati palibe losowa. Amaona ngati zithunzi zonse zilimo, ngati msana wa buku sudathyoke, ngati mwana sadapakemo choko kapena inki, ngati madzi sadalowemo. Tsamba limodzi likasowa, mtengo umagwa kwambiri.

Pali chinthu china chimene ambiri amataya osadziwa. Mabuku ambiri a chikuto cholimba amagulitsidwa atavekedwa pepala la zithunzi pamwamba pa chikutocho. Eni ake amalitcha jekete la buku. Pepalali limang'ambika msanga, ndipo makolo ambiri ankalichotsa asanapereke buku kwa mwana. Chifukwa cha ichi jekete limasowa kuposa buku lenileni. Pa mabuku ambiri otchuka, lokhala ndi jekete lake loyamba limagulidwa kangapo kuposa lopanda jekete. Eetu, pepala la pamwamba kuposa buku!

Chitsanzo ndi buku lotchedwa The Hobbit, lolembedwa ndi J. R. R. Tolkien. Bamboyu adabadwira ku Bloemfontein, ku South Africa kuno, koma adakulira ku England. Bukuli lidatuluka pa 21 September 1937, ndipo adasindikiza 1,500 okha. Chithunzi cha pa jekete adajambula mlembi yemweyo. Pa mbali ya jekete yopindikira m'kati, osindikiza adalakwitsa dzina la munthu poonjezera chilembo cha e, ndipo antchito adachita kuchifuta ndi inki pamanja. Kadontho ka inki kameneko ndi kamene akatswiri amafuna. Mu 2015, limodzi la mabuku amenewa lidagulidwa mapaundi 137,000 ku London. Lidakwera chotero chifukwa mlembi adalembamo mawu ndi dzanja lake polipereka kwa mayi wina amene adali wophunzira wake.

Apa pali phunziro lina. Dzina la mwana wamba lolembedwa m'buku limatsitsa mtengo pang'ono. Dzina la mlembi lolembedwa ndi dzanja lake limaukweza kwambiri. Ndiye akuba amaphunzira kusaina maina a alembi otchuka. Ogula eni-eni sakhulupirira siginecha popanda kufunsa mbiri ya bukulo: lidachoka kwa yani, lidafika bwanji kwa inu. Ngati m'buku muli kalata yakale, lisiti kapena chithunzi, musachotse. Zimenezo ndi mboni zanu.

Tsono chonde, musalikonze buku. Mtima wabwino umatiuza kuti timate pong'ambika ndi selotepu, tipake guluu pa msana, tifute dzina ndi labala, tidule m'mbali mwa masamba kuti muoneke bwino. Zonsezi zimawononga. Selotepu ikakhalitsa imasiya banga lofiirira limene silichoka. Wogula amakonda buku long'ambika limene silidakhudzidwe kuposa buku lomatidwa ndi munthu wosadziwa. Kukonza mabuku akale ndi ntchito ya amisiri ake. Inu ingopukutani fumbi ndi kansalu kouma.

Adani a buku kwathu kuno mukuwadziwa: chiswe, mphemvu, makoswe, chinyezi cha nthawi ya dzinja ndi utsi wa kukhitchini. Dzuwa nalonso limafwifwitsa chikuto. Ikani buku m'bokosi louma, pamwamba, osati pansi kapena motsamira khoma la dothi. Musalitsekere m'pepala la pulasitiki nyengo ya mvula, chifukwa chinyezi chikatsekeredwa m'kati buku limachita chuku. Muzilitsegula nthawi ndi nthawi kuti muone ngati chiswe sichidalowe.

Pofuna kugulitsa

Funso loyamba si la mtengo ayi. Funso loyamba ndi lakuti, kodi bukuli ndi lanu? Ngati lili ndi chidindo cha sukulu, cha mpingo kapena cha laibulale, ndipo palibe chidindo china chosonyeza kuti eni ake adalitulutsa, ndiye kuti ndi la eni ake. Libwezeni. Ngati ndi la malemu, ndi chuma cha masiye monga china chilichonse. Khalani pansi ndi abale musanachite kanthu, kuti buku lisadanitse banja.

Mukatero funani kudziwa mtengo. Pemphani mwana kapena mdzukulu amene ali ndi foni kuti ajambule zithunzi zooneka bwino: chikuto cha kutsogolo, cha kumbuyo, msana, tsamba la mutu, kuseri kwake kuja, ndi malo onse owonongeka. Musabise chilema. Wogula adzachiona ndithu, ndipo akachiona mochedwa sadzakukhulupiriraninso.

Mdzukuluyo akafufuza pa intaneti adzabwera akuthamanga, ati buku longa lomweli likugulitsidwa madola 5,000. Mukhazikeni pansi. Pa malo ogulitsira monga eBay ndi AbeBooks munthu aliyense amalemba mtengo umene akufuna. Inunso mukhoza kupita ndi mbuzi pamsika n'kunena mtengo wa ng'ombe. Palibe angakuletseni, koma madzulo mubwerera nayo. Mtengo woona ndi umene wina adalipiradi. Muuzeni afufuze mabuku amene adagulidwa kale, a ulendo womwewo ndi giredi yomweyo.

Njira zogulitsira zazikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi kugulitsa kwa munthu wa sitolo ya mabuku akale. Iyeyu amalipira msanga, koma amalipira mocheperapo, chifukwa naye ayenera kupeza phindu, ndipo buku likhoza kukhala pa shelefu yake zaka zingapo. Si kuba kumeneko, ndi malonda. Ku Britain ogulitsa odalirika ali ndi bungwe lawo lotchedwa Antiquarian Booksellers' Association, limene lidayamba mu 1906, ndipo lili ndi malamulo oti mamembala ake azitsata. Funsani ogula awiri kapena atatu, osati mmodzi.

Njira yachiwiri ndi okushoni. Izi si zachilendo kwa inu amene mudapitako ndi mabelo a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe. Ogula amapikisana, ndipo wotchula mtengo waukulu ndiye amatenga. Makampani monga Sotheby's, Christie's ndi Bonhams amachititsa okushoni ya mabuku, ndipo aliponso ena ang'ono-ang'ono. Mukawatumizira zithunzi amakuuzani maganizo awo, kawiri-kawiri popanda kulipiritsa. Ngati buku ndi wamba amanena mosabisa, kapena sayankha n'komwe. Ngati alifuna, mumagwirizana mtengo wotsikitsitsa umene buku silingagulitsidwe pansi pake. Koma monga zimakhalira ndi fodya, ndalama yotchulidwa pa okushoni si imene imafika m'manja. Kampani imadulapo gawo lake. Pamakhalanso zolipira zina monga inshuwalansi ndi mtengo wotumizira. Ndiponso mitengo imene imalembedwa m'nyuzipepala nthawi zambiri imaphatikiza ndalama ina imene wogula amalipira kampaniyo, imene wogulitsa saiona. Funsani zodula zonse musanasaine, ndipo muyembekeze miyezi ingapo.

Ambiri a inu muli ndi abale ku Britain kapena ku South Africa. Ngati akatswiri anena kuti bukulo ndi loona, kulipereka kwa mbale wodalirika kuti akalionetse yekha kuli bwino kusiyana ndi kulitumiza kwa munthu amene simudamuonepo. Mbaleyo akalisiya kwa ogulitsa alandire pepala losainidwa, lonena dzina la buku, mkhalidwe wake ndi zimene agwirizana. Polongedza, likulungeni m'pepala loyera, muliike pakati pa makatoni awiri olimba, ndipo ngati mutumiza pa positi likhale la rejisitala.

Chenjerani ndi anthu awiri. Wina amabwera ndi changu, ati ndikupatsani ndalama pompano, mawa sindidzapezekanso. Buku limene ladikira zaka 80 likhoza kudikira sabata ina. Winayo amakuuzani kuti buku lanu ndi la mamiliyoni, wogula alipo kale kunja, koma muyambe mwatumiza ndalama ya fomu, ya msonkho kapena ya satifiketi. Ameneyo ndi wakuba. Wogula weni-weni sayamba ndi kupempha ndalama kwa wogulitsa.

Nanga mabuku athu a Chichewa?

Mwina mukufunsa kuti, zonsezi ndi za Azungu, nanga timabuku tathu takale? Tinene zoona. Mitengo imene mwawerenga pano ndi ya mabuku a Chingerezi amene anthu olemera a maiko ambiri amawalimbirana. Buku la Chichewa lilibe ogula otere. Musayende ulendo wautali nalo poyembekeza mapaundi.

Koma pa nkhani ya kusowa, mabuku athu akusowa kuposa ambiri a ku London. Adasindikizidwa pa mapepala otchipa, m'makina a mishoni monga a ku Nkhoma, ku Likuni ndi ku Blantyre. Buku limodzi linkadutsa m'manja mwa ana ambiri mpaka kutha, chiswe n'kumaliza zotsala. Ganizani za Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara limene lidatuluka mu 1933 ndipo lidapambana mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa. Ganizani za Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, kapena timabuku ta Timve ndi Tsala timene ana ambiri a m'Malawi adaphunzirira kuwerenga. Ndi nyumba zingati zimene zili ndi buku lotere lathunthu, lokhala ndi chikuto chake?

Amene amafuna mabuku amenewa ndi aphunzitsi, ofufuza za chilankhulo ndi mbiri, ndiponso malaibulale a sukulu za ukachenjede. Ku Zomba kuli ofesi ya boma yotchedwa National Archives, imene ntchito yake ndi kusunga zolembedwa za dziko la Malawi. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, kuli laibulale ya bungwe la Society of Malawi. Ngati muli ndi buku la Chichewa kapena Chinyanja la nthawi ya atsamunda, malo ngati amenewa ndiwo oyamba kufunsako musanaganize zolitumiza kunja.

Kayesedwe kake ndi komwe kaja. Tsegulani chikuto, tembenuzani tsamba la mutu, werengani timalemba ta kuseri. Onani dzina la malo osindikizira ndi chaka. Onani ngati pansi pake pali zaka zina. Kenaka werengani manambala a masamba kuyambira loyamba mpaka lomaliza, kuti mudziwe ngati onse alimo.